Thanki, mabulugamu ndi nsanja ya mafoni kufupi ndi bwalo la ndege: kodi kumwamba kwa puloti yanga n'kwa ndani?

Bambo a Mapasa: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo, ndithandizeni maganizo. Ambiri mukudziwa kuti ndinagula kamalo kufupi ndi Lumbadzi zaka zisanu zapitazo. Ndinakumbitsa mjigo, ndinabzala mizere iwiri ya mabulugamu m'malire, ndipo chaka chino ndimafuna kuimika nsanja ya thanki ya mamita 9 kuti madzi azifika kudimba ndi mphamvu. Mwezi watha kunabwera anthu ofuna malo oimikapo nsanja ya mafoni ya mamita 36, kuti azindipatsa lendi chaka ndi chaka. Mtima unakhala pansi, ndinati fizi ya mapasa yapezeka. Dzulo andiimbira kuti ayamba aima, akuti malo anga ali pansi pa njira ya ndege ndipo chinthu chachitali choncho sichingaloledwe. Abale, mpanda wa bwalo la ndege la Kamuzu uli kutali ndi ine. Malo ndi anga, mapepala ndili nawo. Kodi kumwamba kwa puloti yangayi kuli mwini wake wina?

Mayi a ku Mchezi: Pepani bambo. Koma ine ndikuganiza kuti apeza malo otchipa kwina, akungosowa pokanira. Ndege zimadutsa kumwamba kwenikweni, nsanja ya mafoni ingazipeze bwanji?

Mphunzitsi Wopuma: Tisafulumire kuweruza mayi. Pagulu pano tili ndi mwana wathu woyeza malo, komanso amalume athu adagwira ntchito kubwalo la ndege mpaka kupuma. Atiuze ndi iwo.

Achemwali Oyeza Malo: Ndafika aphunzitsi. Bambo a Mapasa, anthu aja sanakunamizeni, lamulo lotere lilipo ndithu. Koma ndisanayankhe za malo anu ndifunse kaye. Ndege ikamatera kapena kunyamuka, imadutsa pamutu panu penipeni, kapena mumaionera chapambali?

Bambo a Mapasa: Pafupifupi pamutu, achemwali. Ija ya Ethiopian ikamabwera masana timaona matayala ake atatuluka kale. Ana amawerenga mawindo. Galu wathu anazolowera, sauwanso.

Achemwali Oyeza Malo: Ndiye muli pamalo pomwe lamuloli limakhwima kwambiri. Ndifotokoze pang'onopang'ono.

Bwalo la ndege lili ndi malire awiri. Oyamba ndi mpanda womwe tonse timauona. Achiwiri ali m'mwamba, saoneka ndi maso, koma anajambulidwa pa mapu ndipo ali ndi manambala ake. Ganizirani Bingu Stadium. Pakati pali bwalo losewerera lathyathyathya, ndiye mipando imakwera pang'onopang'ono mukamapita kunja. Msewu wa ndege, uja amati runway, uli ngati bwalo losewereralo. Mipando ija ndiye malire a m'mwambawo. Chilichonse chomangidwa kapena chomera chiyenera kukhala pansi pa mipandoyo, chisabowole n'kutulukira pamwamba. Mukakhala pafupi ndi msewu wa ndege, malire ali pansi kwambiri. Mukamatalikira, malire amakwera.

Manambala ake amachokera ku ICAO, bungwe la maiko onse loona za maulendo a ndege. Linabadwa ndi pangano lomwe linasainidwa ku Chicago mu 1944, likulu lake lili ku Montreal, ndipo Malawi ndi membala. Buku lawo la mabwalo a ndege limatchedwa Annex 14, mutu 4 ndi womwe umakamba za zotchinga. Pa msewu waukulu ngati wa ku Kamuzu International Airport, womwe kutalika kwake kumaposa makilomita atatu, njira yomwe ndege imatsikiramo imayambira mamita 60 kuchokera pomwe msewu wathera, n'kumakwera mita imodzi pa mamita 50 alionse kwa makilomita atatu oyamba. Ndiye mukayenda mamita 500, malire ali pa mamita 10. Pa kilomita imodzi, mamita 20. Pa makilomita awiri, mamita 40. Njirayi imapitirira mpaka makilomita 15, ndipo imanka itambasuka ngati khasu, yopapatiza kubwalo, yotakata kutali.

Mayi a ku Mchezi: Makilomita 15? Ndiye kuti ndi ife tomwe a ku Mchezi?

Achemwali Oyeza Malo: Zimatengera ngati muli mu mzere wa msewuwo, mayi. Koma musade nkhawa, kutali choncho malire amakhala atafika pa mamita 150, nyumba zathuzi sizifikako. Kupatula njira yotsikirayo, palinso denga lina lathyathyathya lozungulira bwalo lonse, pa mamita 45, lofika makilomita 4 mbali zonse. Kuchokera pamenepo limakweranso, mita imodzi pa mamita 20 alionse, mpaka makilomita 6. M'mbali mwa msewu malire amakwera msanga, mita imodzi pa mamita 7. N'chifukwa chake munthu wokhala chapambali pa bwalo, ngakhale ali pafupi ndi mpanda, akhoza kuloledwa chinthu chachitali kuposa munthu amene ali kutali koma molunjika kumapeto kwa msewu.

Bambo a Mapasa: Ndikuyamba kumva. Ine ndikuganiza kuti ndili kilomita imodzi ndi theka kuchokera kumapeto kwa msewuwo. Mwa masamu anuwo ndiye mamita 30. Thanki yanga ya mamita 9 ilibe mlandu eti?

Achemwali Oyeza Malo: Apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa, bambo, ndipo ndikupempha aliyense awerenge bwino. Mamita 30 amenewo sayezedwa kuchokera pakhonde panu. Amayezedwa kuchokera pa msinkhu wa msewu wa ndegewo. Ngati puloti yanu ili pachitunda chomwe chakwera mamita 10 kuposa msewuwo, mwatsala ndi mamita 20 okha. Ngati ili kudambo, mamita 10 kutsika, muli ndi 40. Anthu awiri oyandikana akhoza kulandira mayankho osiyana, wina n'kumati pachitika zachinyengo, pomwe ndi nthaka chabe. Popanda kuyeza sindingakuuzeni kuti thanki ilibe mlandu, ngakhale ndikukhulupirira kuti ipulumuka.

Amalume a Pabwalo: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mwanayu wafotokoza bwino, ine ndingowonjeza chifukwa chake, poti manambala opanda chifukwa amaoneka ngati nkhanza.

Mayi a ku Mchezi anena zoona kuti ndege imadutsa pamwamba. Tsiku labwinobwino imatsika pa madigiri atatu. Ikakhala kilomita imodzi kuti ifike pa msewu, imakhala mamita oposa 60 m'mwamba, pomwe malire a zomanga ali pa 20. Munthu akhoza kufunsa kuti mpata wonsewo ndi wachiyani. Mpatawo sadauikire tsiku labwino. Adauikira tsiku loipa.

Tsiku loipa ndi ili. Ndi Okutobala masana, phula likuchita kunyezimira ndi kutentha. Bwalo lathu lili pamtunda, mamita opitirira 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka kale, kutentha kwaupepukitsanso. Ndege yadzaza anthu, katundu ndi mafuta, yathamanga pafupifupi msewu wonse, ndiye itangodzuka injini imodzi yazima. Singaimenso, iyenera kukwera ndi injini imodzi yotsalayo. Lamulo la opanga ndege za injini ziwiri limati pa nthawi imeneyo izitha kukwera mamita osachepera 2.4 pa mamita 100 alionse. Tayerekezani ndi malire aja a mamita 2 pa 100. Mwaona kuchepa kwa mpatawo? Pa kilomita imodzi ndi theka ndege yovulalayo ikhoza kukhala mamita 40 kapena 50 okha m'mwamba. Nsanja ya mamita 36 itaima pachitunda ili pomwepo, pamphuno pa ndege, ndipo woyendetsayo maso ali pa zipangizo, akulimbana ndi ndege yomwe ikukokera mbali imodzi.

Ndidagwira ntchito pabwalo zaka zambiri. M'mawa wa mu Juni chifunga chimagwa moti ukaima pa msewu wa ndege suona nyali yachitatu kutsogolo kwako. Woyendetsa akamatsika m'mitambo amakhulupirira pepala lomwe lamuuza kuti pansi pake palibe chomwe chadutsa msinkhu wakutiwakuti. Munthu akaimika chitsulo osanena, pepala lija lasanduka bodza, ndipo woyendetsa alibe njira yodziwira.

Mphunzitsi Wopuma: Amalume, mwandikumbutsa za pa 10 Juni 2024, ndege ija idatenga a Chilima ndi anzawo asanu ndi atatu. Idanyamukira pabwalo lomweli.

Amalume a Pabwalo: Mizimu yawo iuse mumtendere. Ija idagwa ku Chikangawa, m'mapiri, nyengo itaipa, kutali ndi msewu wa ndege uliwonse, ndiye si nkhani ya zomanga ayi. Tisaisakanize. Chomwe ikutiphunzitsa pa nkhani yathuyi ndi chimodzi chokha, kuti munthu ali mumtambo saona chomwe chili patsogolo pake. Phiri sitingalichotse. Nsanja ndi mtengo zili m'manja mwathu.

Bambo a Mapasa: Amalume, mawu anuwo andilowa. Sindifuna magazi a anthu pamalo panga. Koma ndinenebe chomwe chikundiwawa. Pomwe ndimagula malowa palibe anandiuza. Amene anandigulitsa, dobadoba amene anatilumikiza, mboni zonse, palibe anatchulapo za ndege. Anangoti malo abwino, pafupi ndi msewu wa M1, mtengo udzakwera. Lero ndikumva kuti ndinagula nthaka koma m'mwamba mwake ndi modulidwa. Ndalama ya lendi yapita. Andibwezera ndani?

Wophunzira Malamulo: Bambo, funso lanulo ndi lomwe makhoti akhala akulimbana nalo chiyambire ndege. Ndidakali pasukulu, ndiye musatenge mawu anga ngati a loya, koma ndinene zomwe ndikudziwa.

Kale azungu anali ndi mfundo yoti mwini nthaka ndi mwini wa zonse, kuyambira pansi pa dziko mpaka kumwamba. Ndege zitabwera mfundoyo inagwa, chifukwa bwenzi ndege iliyonse ikupempha chilolezo kwa mwini munda aliyense. Mlandu wotchuka ndi wa ku America mu 1946, wa mlimi wa nkhuku dzina lake Causby, ku North Carolina. Ndege zankhondo zinkadutsa mamita pafupifupi 25 pamwamba pa malo ake potera pabwalo loyandikana nalo. Nkhuku zinkadzidzimuka n'kumadziwombetsa kukhoma la khola, zinafa pafupifupi 150, ulimi wake unatha. Khoti lalikulu la dzikolo linagamula zinthu ziwiri. Linati mlengalenga ndi msewu wa anthu onse, mwini malo sangautseke. Koma linatinso kamlengalenga kapafupi ndi nthaka, komwe munthu amafunika kuti agwiritse ntchito malo ake, ndi kake, ndipo boma likamulanda kameneko liyenera kumulipira.

Kuno kwathu, gawo 28 la malamulo oyendetsera dziko limateteza katundu wa munthu, ndipo gawo 44 limati boma likafuna kutenga katundu wa munthu pa ntchito yothandiza anthu onse, limudziwitse mokwanira ndi kumupatsa chipukuta misozi choyenera. Koma kukulandani malo ndi kukuikirani malire a kamangidwe ndi zinthu ziwiri zosiyana. Khonsolo ikakukanizani kumanga m'mbali mwa msewu kapena pansi pa mawaya a magetsi, sikulipirani. Kukanizidwa kumanga chinthu chatsopano chachitali kuli m'gulu limenelo. Nkhani imakhala ina ngati chinthucho chinalipo kale movomerezeka, kenako bwalo lakula ndipo akuti chichotsedwe.

Mayi a ku Mchezi: Nkhuku 150! Ine ndimaweta nkhuku, ndikumva kuwawa kwake. Zanga zikangomva bingu usiku zimaunjikana pakona mpaka zina kubanika. Bamboyo anachita bwino kupita kukhoti.

Koma mwanawe, zomwe wanenazo zikutanthauza kuti Bambo a Mapasa angoluza basi?

Wophunzira Malamulo: Pa nsanjayo mayi, ndikuona choncho, pokhapokha kuyeza kuonetse kuti ikukwana, kapena eni ake avomere yaifupi. Ngati wogulitsa ananena zabodza mwadala, imeneyo ndi nkhani ya pakati pa awiriwo. Koma kungokhala chete pa chinthu chomwe mwina iyenso samachidziwa, n'kovuta kumugwira nacho.

Mphunzitsi Wopuma: Apa ndiye pomwe mtima wanga ukuwawira. Lamuloli ndi labwino, amalume atitsimikizira. Koma lamulo lomwe lili m'buku la Chingerezi, m'mawu oti ngakhale ine mphunzitsi ndiyenera kuwerenga kawiri, lingamuteteze bwanji munthu wa kumudzi? Pomwe ndidayamba kuphunzitsa, ukachoka ku Kanengo kupita ku Lumbadzi unkaona minda ya chimanga ndi fodya basi. Lero taonani nyumba, malo ogona alendo, nyumba zosungiramo katundu, matchalitchi. Tauni ikuthamangira kubwalo la ndege. Malo ambiri akugulitsidwa pansi pa mtengo, pamaso pa mfumu, ndi kalata yolemba pamanja. Mfumuyo idaonapo mapu a malire a m'mwambawa? Ikadakhala nawo, m'Chichewa, ojambulidwa bwino kuti kuyambira pa mtsinje uwu mpaka pa chitunda icho musapyole mamita akutiakuti, bwenzi mwana wathuyu atadziwa asanapereke ndalama.

Tidaona kale zomwe zimachitika tauni ikazinga bwalo. Bwalo lakale lija la ku Airwing, kunjira ya ku Mchinji, kale lidali kunja kwa tauni. Pitani lero mukaone. La ku Mzuzu lili pakati penipeni pa mzinda. Bwalo la Kamuzu adalimanga kutali dala kuti likhale ndi mpweya. Tikalipanikiza, mawa adzati ndege zikuluzikulu sizingatere, ndipo tidzalira ndife tomwe.

Amalume a Pabwalo: Aphunzitsi mwalasa. Ndipo sizichita kudikira ngozi kuti tiluze. Kampani ya ndege ikadziwa kuti kumapeto kwa msewu kwaima chinthu chachitali, imawerengeranso kulemera komwe inganyamuke nako. Yankho limakhala kuchepetsa katundu kapena kusiya mipando ina yopanda anthu. Mtengo wa tikiti ndi wa katundu umakwera. Njira ina ndi yoti oyang'anira bwalo asunthe poyambira kutera, msewu n'kufupika. Chitsulo chimodzi cha munthu mmodzi chimadula msewu womwe dziko lonse lidaulipira.

Ku Hong Kong kudali bwalo lotchedwa Kai Tak, ndege zinkatsika pakati pa nyumba zosanja. Adalitseka mu 1998 atamanga lina panyanja, ndi ndalama zoti ife sitingazilote.

Mnyamata wa Makamera: Moni akuluakulu. Ine ndimajambula maukwati ndipo ndili ndi droni. Mwezi wamawa ndili ndi ukwati ku Lumbadzi, akwati akufuna chithunzi cha m'mwamba pomwe akutuluka m'tchalitchi. Droni si nyumba, imakwera mphindi zitatu n'kutsika. Lamulo la achemwaliwa likundikhudza?

Amalume a Pabwalo: Mwana wanga, usayerekeze. Yako ndi yoopsa kuposa nsanja, chifukwa nsanja imalembedwa pa mapu, droni yako palibe akuidziwa. Muli batire ndi timainjini tachitsulo, ikalowa mu injini ya ndege imaononga kuposa mbalame. Mu Disembala 2018 bwalo la Gatwick ku England lidaima kupitirira tsiku lathunthu chifukwa anthu adanena kuti aona madroni, maulendo mazanamazana adalephereka. Madroni ali ndi malamulo awo, ndipo pafupi ndi bwalo suulutsa popanda chilolezo cha oyang'anira za ndege. Dziko lathu silidana ndi madroni ayi, paja ku Kasungu adatsegula dera loyeserera madroni mu 2017 mogwirizana ndi UNICEF. Koma kumeneko zonse zimachitika mwadongosolo, aliyense akudziwa chomwe chili m'mwamba. Uwauze akwatiwo chilungamo, ukwere pa galimoto ujambulire pamenepo.

Mnyamata wa Makamera: Ndamva amalume. Ndiwauza lero lomwe asanandipatse ndalama ya droniyo.

Mayi a ku Mchezi: Poti mwatchula mbalame, ndifunse. Mchimwene wanga amafuna kutsegula pophera mbuzi ndi nkhumba chakumeneko. Imeneyo si nyumba yaitali. Pali vuto?

Amalume a Pabwalo: Vuto lilipo mayi, ngati zotsala azitaya poyera. Matumbo ndi magazi amaitana akhwangwala ndi mphamba. Dzala la zinyalala chimodzimodzi. Malangizo a ICAO amati chilichonse chokopa mbalame mkati mwa makilomita 13 kuchokera pabwalo chiyenera kuunikidwa. Ine ndidaonapo injini itameza mbalame. Ndege idabwerera bwinobwino, koma titayandikira panali fungo ngati la nkhuku yowaula, nthenga zitamatirira, ndipo zipsepse zachitsulo zakutsogolo zitapindika ngati supuni. Anthu onse adagona ku Lilongwe tsiku limenelo. Ku New York mu Januwale 2009 ndege idawomba gulu la atsekwe itangonyamuka, injini zonse ziwiri zidazima, idakatera mumtsinje wa Hudson. Anthu 155 adapulumuka onse, koma si tsiku lililonse pamakhala mtsinje pafupi.

Nyengo yovuta kwathu kuno ndi ya mvula yoyamba, ngumbi zikatuluka. Mbalame zimabwera ngati zaitanidwa ku phwando. Ina ndi ya chilimwe, anyamata akamatentha tchire posaka mbewa, utsi n'kuphimba njira yotsikira. Mchimwene wanuyo akumbe dzenje lotsekedwa bwino, kapena afune malo ena.

Bambo a Mapasa: Ndiye ndichite chiyani tsopano? Ndipite kuti, ndinyamule chiyani? Safunsa anadya phula, ine ndadya kale lokwanira.

Achemwali Oyeza Malo: Oyang'anira nkhanizi ndi a Civil Aviation Authority, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la Civil Aviation Act la 2017. Kale ntchitoyi inali m'manja mwa dipatimenti ya boma yoona za ndege. Mapulani a zomanga amadutsabe kwa oona za mapulani monga mwa Physical Planning Act ya 2016, koma za kutalika pafupi ndi bwalo mawu omaliza ndi a anthu a ndege. Kuti akuyankheni amafuna zinthu zitatu: pomwe malo ali penipeni mwa manambala a GPS, kukwera kwa nthaka yanu kuchokera pa nyanja yamchere, ndi kutalika kwa chomwe mukufuna kuimika mpaka pansonga. Pansonga ndikutanthauza pansonga penipeni, kuphatikiza thanki, kachitsulo koteteza ku mphezi, mlongoti wa wailesi, mtanda wa patchalitchi. Ngati pomanga padzabwera kireni, nayonso imawerengedwa, ngakhale ikhale sabata imodzi.

GPS ya pafoni musaidalire pa kukwera kwa nthaka, imaphonya ndi mamita angapo, ndipo apa mamita atatu akhoza kusintha yankho. Loweruka ndili ndi ntchito chakufupi ndi kwanuko. Ndidzadutsa ndi makina anga masana, mudzangondithandiza mafuta.

Yankho sikuti limangokhala eya kapena ayi. Nthawi zina amalola koma n'kulamula kuti chipakidwe penti yofiira ndi yoyera mosinthanasinthana, ndipo pansonga pakhale nyali yofiira yoyaka usiku wonse. Nsanja zomwe mumaziona zili ndi mizere yofiira ndi yoyera si zokongoletsa. Nthawi zinanso chinthu chimaloledwa chifukwa chabisala kuseri kwa china chachitali chomwe sichingachoke, monga phiri.

Mphunzitsi Wopuma: Mulungu akudalitse mwana wanga. Ukayeza udzatiuze pagulu pano, tonse tiphunzirepo.

Achemwali Oyeza Malo: Mwadzuka bwanji nonse. Monga ndinalonjezera, dzulo ndinafika kwa Bambo a Mapasa, ndipo andilola kuti ndinene zomwe tapeza. Kuchokera kumapeto kwa msewu wa ndege kufika pomwe akufuna kuimika thanki ndi mamita 1,560. Tikachotsa 60 aja, 1,500, ndiye malire ali pa mamita 30. Malo awo apatuka mamita 200 kuchokera pa mzere wapakati, pomwe pamenepo njira yotsikira yatambasuka kupitirira mamita 350 mbali iliyonse, ndiye ali mkati ndithu. Nthaka yawo yakwera mamita 11 kuposa msewuwo. Atsala ndi mamita 19.

Nsanja ya mamita 9 ndi thanki pamwamba pake ifika mamita 11 kapena 12, ili pansi bwinobwino. Nsanja ya mafoni ya 36 ikanabowola ndi mamita 17, anthu aja ananena zoona. Awa ndi masamu anga, chilolezo chenicheni chichokere kwa eni ake a lamulo, ndipo kalata tailemba kale.

Koma chomwe chinandiimitsa mutu si thanki. Ndi mabulugamu. Ndinayeza wautali kwambiri, uli pa mamita 14, ndipo mitengoyo ili ndi zaka zisanu zokha, yanenepa bwino chifukwa mizu yapeza madzi. Bulugamu wosadulidwa amapyola mamita 30. Zaka zitatu kapena zinayi zikubwerazi idzakhala itadutsa malire, popanda munthu kupempha chilolezo kapena kuthira simenti.

Bambo a Mapasa: Zoona abale. Ndinaima pansi pa mitengo ija dzulo madzulo achemwali atapita, ndege ya madzulo inadutsa, ndipo koyamba ndinaiyang'ana mosiyana. Mitengo imeneyi ndinabzala ndi malemu bambo anga, iwo akukumba maenje ine ndikuthira madzi ndi ndowa. Anati idzakhala milimo ya nyumba za zidzukulu. Kuidula kukundivuta kuposa kuluza lendi ija.

Amalume a Pabwalo: Pepa mwana wanga. Koma bambo ako adati milimo, sadati nkhalango. Bulugamu wa mamita 14 wakwana kale mlimo. Ukamudula amaphukiranso pachitsa, mphukira zitatu kapena zinayi, ndipo pakatha zaka zisanu udulanso. Ukamadula motero sidzafika pa 19, ndipo mitengo ya bambo ako idzakhalapobe, mizu yake yomweyo.

Mayi a ku Mchezi: Ndipo milimo ili pa mtengo wabwino panopa, bambo. Ine ndikufuna makumi atatu ya khola latsopano. Mukadula mundiuze ndisanakagule kwina.

Wophunzira Malamulo: Bambo, kalata ija mukakapereka mukapemphe kuti akudindireni kope lanu, ndipo yankho likhale lolembedwa. Mudzalisunge pamodzi ndi mapepala a malo. Tsiku lina mukadzagulitsa kapena kusiyira mapasa, adzadziwa msinkhu wawo osavutika ngati inu.

Mphunzitsi Wopuma: Ine ndili ndi pempho kwa mwana wathu woyeza malo. Zomwe walemba pagulu panozi, za mita imodzi pa 50 ndi za chitunda ndi dambo, uzilembe pa pepala limodzi m'Chichewa chomwechi, ndi chithunzi cha Bingu Stadium chija. Ndili ndi mnzanga amene amakhala pa bwalo la a gulupu chakumeneko, ndikamupatsa kuti akawerenge pa msonkhano wa mafumu. Ndidzalipira ndine zosindikiza.

Achemwali Oyeza Malo: Ndilemba aphunzitsi, koma ndikufuna ndikalionetse kaye kwa a zandege kuti aone ngati manambala onse akugwirizana ndi mapu awo a bwaloli, tisagawe chinthu cholakwika. Amalume, mungandiperekeze? Inu mukudziwa khomo loyenera kugogoda.

Amalume a Pabwalo: Lachitatu m'mawa ndili mpata. Tikumane pa siteji ya Lumbadzi 8 koloko. Bambo a Mapasa ubwere ndi kalata yako tipitire limodzi.

Bambo a Mapasa: Ndidzafika amalume. Mayi a ku Mchezi, milimo makumi atatu ndakusungirani, tiyamba kudula mzere wa kumpoto Loweruka likubwerali.